AKAMUKANA WOTHAWA KWAWO, KODI MLANDU WATHERA POMWEPO?

Mawu amene adayankhulidwa pa maphunziro a atsogoleri a miphakati ku Katoto, mumzinda wa Mzuzu

  Tiyankhula m'Chichewa popeza tasonkhana muno ochokera mbali zosiyanasiyana, koma amene afuna kufunsa m'Chitumbuka afunse ndithu, tidzamvana.

Pamene tinali kulowa muno tinamva wina akunong'oneza mnzake kuti, kodi nkhani ya othawa kwawo ikutikhudza bwanji ife a ku Katoto, pamene Dzaleka ili kutali ku Dowa? Funsoli ndi labwino ndipo tiyambire pomwepo. Msewu wa M1 umene ukudutsa pakhomo pathu panowu umachokera ku Songwe, m'malire a dziko lino ndi Tanzania. Ambiri mwa anthu ochokera ku Congo, ku Burundi, ku Rwanda, ku Ethiopia ndi ku Somalia amene ali ku Dzaleka adalowera ku Karonga, ndipo popita ku Dowa adadutsa muno mu Mzuzu. Ena tidawagulitsa nthochi pa depoti osadziwa kuti ndi ayani.

Koma pali chifukwa china chimene akuluakulu muli muno simungaiwale. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi mwathu monse mudawerengedwa kalata ya Maepiskopi ija idagwedeza dziko. Patangopita masabata owerengeka, pa Lachisanu Loyera, Monsinyo John Roche, amene ankayang'anira dayosizi ino ya Mzuzu, adapatsidwa chikalata chakuti atuluke m'dziko muno pasanathe maola 24. Sadaitanidwe ku bwalo lililonse, sadapatsidwe mpata woyankhapo, ndipo padalibe khomo lina loti akagogodeko. Ena a ife tinali anyamata a ku koleji ya uphunzitsi masiku amenewo, ndipo tikukumbukira mmene anthu ankayankhulira motsitsa mawu pa Pasaka ameneyo. Chimene chidatiwawa sichidali kuchoka kwawo kokha. Chidali chakuti munthu mmodzi wasayina pepala, nkhani yatha. Tsono tikamanena za apilo lero, tikunena za chinthu chimene ife eni ake a dayosizi ino tidachisowa tsiku lina.

Kodi wothawa kwawo ndani?

Si mlendo aliyense amene malamulo amamutcha wothawa kwawo. Pangano la mayiko a dziko lapansi la 1951, limene Malawi adalivomera mu 1987, limanena za munthu amene ali kunja kwa dziko lake ndipo ali ndi mantha enieni akuti akabwerera akazunzidwa chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo chake, dziko lake, gulu la anthu limene iye ali m'menemo, kapena maganizo ake pa ndale. Mayiko a mu Africa, pa pangano lawo la 1969, adaonjezerapo munthu wothawa nkhondo, kulandidwa kwa dziko ndi adani, kapena chipwirikiti chachikulu chimene chasokoneza bata. Lamulo lathu la othawa kwawo la 1989 lidatenga matanthauzo onse awiriwa.

Onani kuti umphawi mulibe m'menemo. Munthu wothawa njala kapena ulova ndi wofunika chifundo, koma lamuloli silimamuwerengera. Mulinso anthu amene lamulo limawakana ngakhale ali ndi mantha: amene adachita nawo milandu yoopsa ya pa nkhondo, yopulula anthu, kapena milandu ina ikuluikulu yosakhudza ndale asanalowe m'dziko muno. Pambuyo pa kuphana kwa ku Rwanda mu 1994 ndime imeneyi idakhala yofunika kwambiri, pakuti wopha ndi wophedwera abale adathawira njira imodzi.

M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique dziko lino lidasunga anthu oposa miliyoni imodzi, ku Nsanje, ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza ndi madera ena a m'malire. Amenewo sadafunsidwe mafunso mmodzimmodzi. Aliyense ankadziwa chimene akuthawa, ndipo adalandiridwa ngati gulu. Mtendere utasayinidwa ku Roma mu Okutobala 1992, ambiri adabwerera kwawo. Koma wobwera payekha kapena ndi banja lake kuchokera kutali amayenera kufotokoza nkhani yake, ndipo pofotokozapo ndi pamene pamabadwa kuvomerezedwa kapena kukanidwa.

Mmene pempho limayendera

Lamulo la 1989 likuti munthu amene walowa m'dziko popanda chilolezo n'cholinga chopempha chitetezo akadzionetse kwa wogwira ntchito za boma woyenera pasanathe maola 24, kapena pa nthawi yotalikirapo ngati pali chifukwa chomveka. Akatero, sayenera kutsekeredwa kapena kulangidwa chifukwa chokha chakuti adalowa mopanda mapepala, mpaka pempho lake litaunikidwa. Mfundo imeneyi ambiri sitiidziwa. Timaganiza kuti wolowa wopanda pasipoti ndi wakuba basi. Koma tadzifunsani, munthu amene nyumba yake ikuyaka usiku, kodi amayamba wafunafuna pasipoti?

Ku Karonga kuli malo ofikirapo kumene amalembedwa mayina, kenaka amatumizidwa ku Dzaleka. Kampu ya Dzaleka idatsegulidwa mu 1994 pa malo amene kale padali ndende ya andale. Idakonzedwera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma pofika 2023 mudali anthu oposa 50,000. Ali kumeneko munthu amaitanidwa kukafunsidwa mafunso: udachokera kuti, chidachitika n'chiyani, udadzera njira iti, ukuopa yani. Zimene wayankha zimalembedwa ndi kupita ku Komiti yoona za othawa kwawo, m'mene muli akuluakulu a nthambi zosiyanasiyana za boma, monga apolisi ndi a imigireshoni. Komitiyi ndiyo ili ndi mphamvu yovomera pempho, yolikana, ngakhalenso yolanda chitetezo chimene idapereka kale.

Wovomerezedwa amatetezedwa kuti asabwezedwe kumene moyo wake uli pa chiswe. Wokanidwa, ngati sachitapo kanthu, amasanduka mlendo wopanda chilolezo, woti tsiku lililonse angathe kukwezedwa galimoto ndi kukasiyidwa m'malire.

Komiti nayo ndi anthu

Tisanene kuti aliyense wokanidwa walakwiridwa. Alipo amene amanama, ndipo Komiti imachita bwino kuwakana. Koma ife amene tagwira choko zaka zambiri tikudziwa kuti wochonga mayeso, ngakhale wosamala chotani, akafika pa pepala la 200 maso amatopa, ndipo mwana wokhoza amatha kupatsidwa mtanda. N'chifukwa chake pa sukulu yabwino mphunzitsi wina amaonanso mapepala. Kulakwitsa pa masamu kumabwezeretsa mwana kalasi. Kulakwitsa pa nkhani inoyi kumabwezera munthu kwa amene akumufunafuna ndi chikwanje.

Taganizani za mayi wochokera kum'mawa kwa Congo amene asilikali adamuchita zamanyazi ana ake akuona. Wafika m'chipinda chofunsira mafunso, wofunsa ndi bambo, womasulira ndi bambo, mwinanso womasulirayo amakhala naye mzere umodzi wa nyumba mu kampu. Kodi adzanena? Adzangoti kwathu kudali nkhondo, n'kukhala chete. Pa pepala padzalembedwa kuti sadafotokoze chimene chidamuchitikira iye mwini. Amayi muli muno mukudziwa kuti nkhani yotere mwina imatenga zaka kuti ituluke, ndipo imatulukira kwa mayi mnzako, osati kwa mlendo wa cholembera m'manja.

Taganizaninso za chiyankhulo. Chiswahili cha ku Bukavu sichifanana ndendende ndi cha ku Dar es Salaam. Ife tomwe pano timaseka tikamva mmene uthenga wa m'Chitumbuka umapotokera ukadutsa m'Chichewa ndi kukafika m'Chingerezi. Liwu limodzi likapotoka, mlamu asanduka mchimwene, mwezi wa chimanga chachiwisi usanduka mwezi wa kukolola, ndipo woweruza powerenga amati munthuyu akudzitsutsa yekha. Palinso nkhani ya masiku. Agogo athu ambiri sadziwa chaka chimene adabadwa, koma palibe amene amati sadabadwe. Munthu amene wayenda miyezi iwiri m'nkhalango akhoza kusokoneza tsiku limene mudzi wake udatenthedwa, mudziwo n'kukhala kuti udatenthedwadi.

M'buku la Daniele, mutu 13, timawerenga za Suzana amene msonkhano wonse udamuweruza kuti aphedwe chifukwa cha umboni wa akuluakulu awiri. Anali kale pa njira yopita kokaphedwa pamene mnyamata Daniele adauza anthu kuti abwerere ku bwalo. Iye sadabwere ndi lamulo latsopano. Adangofunsa mboni zija payekhapayekha funso limodzi limene oyamba aja sadafunse, ndipo bodza lidaonekera. Apilo ndi zimenezo. Ndipo kwathu kuno si chinthu chachilendo, pakuti wosakhutira ndi chigamulo cha nyakwawa amapita kwa gulupu, akapanda kukhutiranso amakafika kwa mfumu yaikulu, ndipo palibe amene amati wanyoza mudzi.

Masiku 14

Apa ndi pamene tikupempha kuti amene ali ndi cholembera alembe. Ndime 11 ya lamulo la 1989 ikuti munthu amene Komiti yamukana, kapena yamulanda chitetezo chimene adali nacho, akhoza kuchita apilo kwa Nduna pasanathe masiku 14. Nduna ili ndi mphamvu yotsimikiza chigamulocho, yochifafaniza kapena yochisintha. Masiku ano nkhani za othawa kwawo zili pansi pa Unduna woona za chitetezo cha m'dziko.

Masiku 14 ndi Masabata awiri okha. Ndipo popeza lamulo limawerengera kuchokera pa kukanidwako, chanzeru ndi kuwerenga kuyambira tsiku limene lalembedwa pa kalata, osati tsiku limene kalatayo yafika m'manja.

Tiulule kulakwa kwathu pa nkhani imeneyi. Zaka zingapo zapitazo bambo wina wochokera ku mayiko a kumpotoku, amene ankapemphera nafe akabwera kuno kudzaona abale ake, adatipeza itatha Misa ndi kutionetsa kalata ya m'Chingerezi imene ankaisunga m'buku lake la mapemphero. Iye ankadziwa Chifalansa ndi Chiswahili, Chingerezi ayi. Tidaiwerenga, tidaona kuti pempho lake lakanidwa, ndipo tidamumvera chisoni kwambiri. Tidamuuza kuti alimbe mtima, tipemphera, ndipo tikafunsa kwa odziwa tikapeza mpata. Sabata imeneyo kudali maliro mumphakati, sabata yotsatira kudali mayeso kusukulu. Pamene tidakafunsa, wodziwayo adangoyang'ana tsiku la pa kalata ndi kupukusa mutu. Kunena zoona mzere wonena za apilo udalimo m'kalatamo, kumunsi, koma ife tidauwerenga monga timawerengera mawu otsekera kalata iliyonse ya boma. Bambo uja sitidamuonenso. Pemphero lidali loyenera, koma tsiku limenelo iye ankafunanso pepala, cholembera ndi ndalama ya basi, ndipo zonsezo tidali nazo.

Kalata ya apilo siifuna Chingerezi cha pa yunivesite. Ikhale ndi dzina la munthuyo monga lidalembedwera pa mapepala ake, nambala ya fayilo yake, ndi tsiku la chigamulo. Chachikulu ndi kusonyeza pamene Komiti yaphonya. Kungolemba kuti ndichitireni chifundo, ndili ndi ana asanu, sikuyankha kanthu, chifukwa Komiti sidamukane poganiza kuti alibe ana. Ngati idati nkhani yake ikudzitsutsa, afotokoze pamene padasokonekera ndi chifukwa chake. Ngati pali chimene adabisa chifukwa cha manyazi kapena mantha, achinene tsopano, ndipo anene chimene chidamuletsa poyamba. Ngati womasulira sankamvana naye, atero. Ngati pali kalata ya kuchipatala yonena za zipsera, kapena umboni wina umene wafika pambuyo, aphatikizepo. Asapereke kalata yake yonse osatsala ndi ina yofanana nayo, ndipo wolandirayo adindepo chidindo cha tsiku limenelo. Masiku akakhala kuti atsala awiri, ndi bwino kupereka kalata yaifupi mu nthawi yake ndi kulonjeza zina pambuyo, kusiyana ndi kalata yokongola yofika mochedwa.

Chenjezo limodzi. Pamene pali anthu osowa pogwira sipalephera atambwali ogulitsa nkhani zopeka, amene amati nena zakutizakuti, izi ndi zimene zimapambana. Nkhani yogula imagwa pa funso lachitatu, ndipo ikagwa imagwetsa ndi zoona zomwe zimene munthuyo adali nazo. Mkhristu asathandize mnzake kupeka bodza, ngakhale pomumvera chisoni, pakuti akumukumbira dzenje.

Kodi Nduna ikakana, ndiye kuti basi?

Ndime 11 yomweyi ikupitiriza kunena kuti chigamulo cha Nduna ndi chomaliza, khoti lililonse lisachiunike, ndipo Nduna siikakamizidwa kupereka zifukwa. Amene mudakula m'nthawi ya chipani chimodzi mwamva kale fungo la mawu amenewa. Lamuloli lidalembedwa mu 1989, chaka chomwecho chimene aphunzitsi ochokera kuno kumpoto adalamulidwa kuchoka m'sukulu za pakati ndi kumwera ndi kubwerera kwawo, popanda wofunsa kapena woyankha. Masiku amenewo malamulo ambiri ankalembedwa choncho.

Koma mu 1994 tidalandira Malamulo atsopano Oyendetsera Dziko, ndipo iwowa ali pamwamba pa malamulo ena onse. Ndime 5 ikuti lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chotsutsana nawo chilibe mphamvu pamene patsutsanapo. Ndime 43 ikupatsa munthu ufulu woti akuluakulu a boma pogamula nkhani yomukhudza atsate malamulo ndi njira yachilungamo, ndiponso ampatse zifukwa zolembedwa. Ndime 41 ikunena za ufulu wokafika ku khoti. Ndime 108 ikupatsa Bwalo Lalikulu la Milandu mphamvu younika lamulo lililonse ndi chigamulo chilichonse cha boma. Ndipo chonde onani ichi: ndime 41 ndi 43 sizikunena za nzika yokha. Zikunena za munthu aliyense. Pali maufulu ena, monga kuponya voti, amene ndi a nzika zokha, koma ufulu womvedwa mwachilungamo suli m'gulu limenelo.

Ife si maloya, koma kuwerenga timatha, ndipo sitikuona mmene mawu a 1989 aja angaimire pamaso pa ndime zimenezi. Choncho wokanidwa ndi Nduna asauzidwe kuti zitseko zonse zatsekedwa. Loya angathe kukapempha Bwalo Lalikulu, limene lili ndi nthambi yake muno mu Mzuzu, kuti liunike mmene chigamulocho chidapangidwira. Timvetsetse bwino kuti kumeneko woweruza kawirikawiri sayambanso mlandu wonse kuti aone ngati munthuyo ndi wothawadi kwawo. Amafunsa kuti, kodi adamvedwa? Kodi adapatsidwa zifukwa? Kodi zifukwazo zikugwirizana ndi umboni ndi lamulo? Akapeza kuti ayi, amafafaniza chigamulo ndi kubweza nkhaniyo kuti ikaonedwenso moyenera. Nakonso kuli malire a nthawi, miyezi itatu, kotero kuzengereza ndi mdani yemweyo.

Mu 1977 komiti yaikulu ya bungwe la UNHCR idagwirizana kuti wokanidwa apatsidwe nthawi yokwanira yochitira apilo, ndipo aloledwe kukhala m'dzikomo pamene apilo yake ikudikira yankho. N'zomveka. Apilo ya munthu amene waperekedwa kale m'manja mwa adani ake ili ngati mankhwala ofika pa tsiku la kusesa. Paulo woyera adadziwa zimenezi. Mu Ntchito za Atumwi, mutu 25, bwanamkubwa Fesito atafuna kumutumiza ku Yerusalemu, kumene anthu adakonza zomuphera pa njira, Paulo adapempha kuti mlandu wake ukamvedwe ndi mfumu ya ku Roma, ndipo sadamutumizenso kwa omufunafunawo.

A Law Commission akhala akuunikanso lamulo la 1989. Maganizo athu ndi akuti apilo isamapite kwa Nduna, amene ndi wandale ndipo ndi mkulu wa unduna womwewo woyang'anira othawa kwawo. Ipite ku bungwe loima palokha, nthawi yake ikhale yotalikirapo, ndipo kalata yokana izimasuliridwa m'chiyankhulo chimene mwini wake akumva. Aphungu athu akabwera kudzatipempha mavoti, iyinso ndi nkhani yoti tiwafunse.

Nanga ife amatipindulira chiyani?

Tikudziwa zimene zimanenedwa mumsika. Amati alendowa atilanda malonda, ena ndi zigawenga, dziko ndi losauka kale, nanga tiwapatsenso maapilo? Madandaulo amenewa sitikuwapeputsa. Mayi amene okala yake yagwa ali ndi ululu weniweni. Ndipo n'zoona kuti Malawi povomera pangano la 1951 adakana ndime zina, adasunga mphamvu yosankha kumene othawa kwawo azikhala, ndi kuika malire pa za ntchito. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali adasonkhanitsa mazana a anthu mu Lilongwe, ana omwe, adawagoneka ku ndende ya Maula ndi kuwabwezera ku Dzaleka. Ena adaomba m'manja, ena adalira. Koma nkhani ya kumene wothawa kwawo azikhala ndi ina, ndipo nkhani ya ngati abwezedwe kwawo kukaphedwa ndi inanso. Munthu angathe kukhala ndi maganizo aliwonse pa yoyambayo, koma pa yachiwiriyi sitikuona mmene Mkhristu angakanire kuti mlandu uonedwe kawiri.

Komanso apilo siteteza chigawenga. Chigawenga chimene nkhani yake yaonedwa kawiri chimagwidwa bwino koposa. Chimene chimabala chisokonezo ndi pamene anthu ataya chikhulupiriro pa njira ya boma ndi kuyamba kuyenda mobisala, m'manja mwa ozembetsa anthu. Mu Juni 2012 anthu 47 a ku Ethiopia adamira pa nyanja kufupi ndi Karonga. Mu Okutobala 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga, m'boma lathu lomwe lino la Mzimba, mudapezeka dzenje limodzi la mitembo 25, ndipo ina idapezeka pambuyo. Ambiri oyenda njira imeneyi amakhala akupita ku South Africa kukafuna ntchito, si onse othawa mazunzo. Koma palibe amene adzadziwe kuti mwa amene adakwiriridwa m'nkhalangomo ndi angati amene adali ndi nkhani yoti Komiti ikadaimva.

Nafenso tidathawapo. Mu 1972 a Mboni za Yehova zikwizikwi adathawira ku Sinda Misale, ku Zambia, chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Chaka chisanathe adakwezedwa magalimoto ndi kubwezedwa kuno popanda wowafunsa mmodzimmodzi ngati kumudzi kuli mtendere. Ambiri adathawiranso ku Mozambique, ndipo atabwezedwanso mu 1975 ena adakatsekeredwa ku Dzaleka komweko. Si a mpingo wathu, ndipo masiku amenewo ambiri tidakhala chete. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ana athu a ku Joni

Palibe mphakati muno umene ulibe mwana ku Joni. Ena mwa iwo, pofuna pepala loti apolisi asawavutitse, amakalembetsa ngati opempha chitetezo. Tiwauze zoona anawa. Lamulo la ku South Africa la 1998 lili ndi matanthauzo ofanana ndi athu aja, ndipo ulova wa ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay suli m'menemo. Wonena kuti ndabwera kudzafuna ntchito amakanidwa msanga. Kumeneko, kuyambira 2020, apilo imapita ku bungwe lotchedwa Refugee Appeals Authority, osati kwa Nduna, ndipo mbali imeneyo ife tingaphunzirepo. Koma mu 2021 maapilo odikira kumeneko adali oposa 150,000, ena a zaka zambirimbiri. Aliyense wolowa pa mzere umenewo popanda chifukwa chenicheni amatalikitsa kudikira kwa mayi wa ku Congo tamutchula uja, ndipo iye mwini pamapeto pake amakathera ku Lindela kudikira basi yomubweza. Mukamayankhula nawo pa foni, auzeni kuti pepala limenelo lili ndi eni ake.

Zimene mphakati ungachite

Sitikupempha aliyense kubisa munthu m'nyumba kapena kulimbana ndi apolisi. Zimenezo zingaike pa mavuto inu ndi mlendoyo. Wobwera kumene amene akuti akuthawa, mperekezeni kwa a imigireshoni kapena apolisi tsiku lomwelo, ndipo mumve ndi makutu anu kuti wanena momveka kuti akupempha chitetezo, chifukwa mawu amenewo ndiwo amasiyanitsa mlandu wake ndi wa munthu wongolowa mozemba. Amene mumayendera akaidi, funsani ngati muli alendo otsekeredwa chifukwa cha mapepala, ndipo ngati wina mwa iwo adapempha chitetezo koma sadamvedwe, kadziwitseni a Chilungamo ndi Mtendere ku parishi.

Wina akakuonetsani kalata, yang'anani tsiku musanayang'ane china chilichonse. Werengani masiku pa zala pamaso pake. Muwerengereni kalata yonse mpaka mzere womaliza, m'chiyankhulo chimene akumva. Kenaka mulozereni kwa odziwa lomwelo, osati mawa. A Legal Aid Bureau ali ndi ofesi muno mu Mzuzu ndipo ntchito yawo ndi kuthandiza osatha kulipira loya. Kuli a Ombudsman oona madandaulo okhudza maofesi a boma, kuli a bungwe la Malawi Human Rights Commission, ndipo ku Dzaleka kuli a UNHCR ndi a Jesuit Refugee Service. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, inde, apilo ndi ya mwini wake ndipo asayine yekha. Koma chitsekocho wina amayenera kumusonyeza pamene chili.

Chomaliza ndi chinsinsi. Nkhani imene munthu wakuuzani pokonza apilo si ya pa chitsime, si ya pa mapemphero a mokweza mumphakati, ndipo si ya pa WhatsApp. Amene akumuthawa nawonso ali ndi mafoni, ndipo abale ake adakali kumudzi kwawo.

Tisanabalalike kukamwa tiyi, tikupempha amene amayankhula Chiswahili kapena Chifalansa, makamaka amayi, kuti alembetse mayina awo kwa alembi pa tebulo la pakhomo. Tikudziwa kuti amene mumapita ku Kyela ndi ku Dar es Salaam kukaoda katundu mulipo angapo muno. Tikabwerera tigawana m'magulu anayi, ndipo gulu lililonse liyesera kulemba kalata ya apilo pa chitsanzo chimene tikupatseni.